Chiphaso chanu chimapita kuti mukamachisandutsa PDF?

Nyengo yofunsira malo m'mayunivesite ikakwana, mashopu a fotokope pa Kamwendo amadzaza ndi achinyamata, aliyense foni m'manja. Vuto limakhala lofanana: fomu ya pa intaneti ikufuna PDF pomwe iwo ali ndi chithunzi wamba, kapena chithunzicho chachokera pa iPhone ya achimwene a ku Joni, dzina lake likuthera ndi HEIC, ndipo kompyuta yakale ya pashopu ikukana kuchitsegula.

Zilembo za kumapetozo zimanena m'mene fayilo yalongedzedwera. JPG ndi yakale, ya mu 1992, ndipo pafupifupi makina aliwonse amaiwerenga. HEIC idafala ndi mafoni a Apple kuyambira mu 2017. Imasunga malo koma makompyuta ambiri akale saidziwa. Ena amangofufuta HEIC n'kulemba JPG, kuganiza kuti zatheka. Kumeneko n'kulemba kuti soya pa thumba la mtedza. Wogula akamasula apezabe mtedza.

Ndiye ambiri amathamangira ku masamba a pa intaneti osinthira mafayilo mwaulere. Odziwika monga iLovePDF ndi CloudConvert amagwiradi ntchito. Koma anthu sadziwa kuti kusinthako sikuchitikira m'foni mwawo. Fayilo imakwera kupita pa kompyuta ya eni tsambalo kunja kwa dziko, n'kutsikanso itasinthidwa. N'chifukwa chake bando ya Airtel kapena TNM imadyedwa kawiri, ndipo ikakhala vidiyo ya ukwati mumalira nayo. Masamba ambiri amalonjeza kufufuta fayilo pakapita maola angapo, koma inu muli kuno ku Mchinji mutsimikiza bwanji?

Palinso masamba achinyengo. Mu Marichi 2025, ofesi ya FBI ku Denver, m'dziko la America, idachenjeza kuti mbava zikutsegula masamba ooneka ngati osinthira mafayilo. Amakusinthiranidi, koma fayilo yobwerayo imakhala ndi kachilombo, ndipo zolembedwa m'kati mwa yomwe mudatumiza amatha kuzikopera. Tsopano taganizirani chiphaso cha unzika cha NRB: dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala, nkhope. Ndi chomwecho chimene timalembetsera simu khadi, ndipo pa simu khadipo ndi pamene pagona Airtel Money ndi Mpamba. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lilipo, MACRA ndiyo ikuliyang'anira, koma dzanja lake lingafike bwanji pa tsamba lomwe mwini wake sadziwika n'komwe?

Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti asiyanitse. Nyimbo ya kwaya yojambulidwa pa WhatsApp, yomwe wailesi ya agogo ikukana kuimba mpaka itasanduka MP3, kasintheni pa intaneti, palibe chotaya. Koma chiphaso, satifiketi ya MSCE ndi kalata ya ku banki, foni yanu yomweyo ikhoza kukuchitirani. Pa Android tsegulani chithunzi, sankhani Print, kenako Save as PDF, ndipo sizifuna bando. Wa iPhone alowe mu Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, zithunzi zake zizituluka JPG. Chithunzi chikakula kwambiri, chitumizeni pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimachepa chokha. Kungoti muonetsetse kuti magiredi akuwerengekabe, poti 3 akafanana ndi 8 mwadzilakwira nokha.

Ngozi ina ili pafupi kuposa Denver. Makompyuta a m'mashopu athu amakhala odzaza ndi ziphaso za anthu omwe adachoka kalekale, ndipo aliyense wokhala pampandopo amaziona. Anyamatawa sachitira dala, ntchito imawachulukira. Musanalipire, apempheni afufute fayilo yanu mu Downloads, mu Recycle Bin ndi pa WhatsApp yawo, inu mukuona.