ZA MASEWERA: Mutu ukakula sulewa nkhonya

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo mabwalo atauma, anyamata a m'midzi ya m'boma la Chadiza amayambanso kukankha mpira. Tsiku la Sabata masana, kaya ndi kwa Mfumu Zingalume, kwa Mfumu Mlolo kapena kwa Mfumu Mwangala, anthu amasonkhana pa bwalo la sukulu kudzaonerera, ena pa njinga, ena pansi, amai atabereka ana kumbuyo. Onse amabwera kudzakondwa. Koma pa khamu lonselo pamakhala munthu mmodzi amene sakhala pansi ndipo saseka kufikira wenzulo yotsiriza italira. Munthuyo ndiye mphunzitsi wa timu, amene anyamata amamucha kochi.

Nchito ya mphunzitsi wa mpira ili ndi cinthu cimodzi cowawa. Timu ikapambana, anthu amanyamula mnyamata amene wamwetsa cigoli ndi kumuimbira nyimbo. Timu ikagonja, saona mnyamata amene waphonya cigoli coyera, koma onse amatembenukira kwa mphunzitsi ndi kufunsa cifukwa cace anasankha uyu ndi kusiya uja. Iye sagunda mpira ngakhale kamodzi pa mphindi 90 zonse, koma mlandu wa mphindi zonsezo umagwera iye. Akulu-akulu ananena zoona kuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mbiri ya timu ya dziko lino ili ndi zitsanzo zambiri. Pa 8 October 1911 panalibe ngakhale dzina la Zambia, koma zaka 100 pambuyo pace, pa 8 October 2011, timu ya Chipolopolo inalepherana ndi dziko la Libya 0-0 ku Chingola, ndipo zotsatirazo zinali zokwanira kuti Zambia akasewere m'mpikisano wa cikho ca maiko a mu Africa wa caka ca 2012. Mphunzitsi wa timuyo anali Bambo Dario Bonetti a ku Italy. Iwo anacita nchito imene anawalembera, koma patangopita masiku awiri bungwe la mpira la FAZ linawacotsa, cifukwa anthu ambiri sanali okhutira ndi kaseweredwe ka timu.

M'malo mwao munabwerera Bambo Hervé Renard a ku France. Pa 12 February 2012 mu mzinda wa Libreville ku Gabon, Zambia anagonjetsa Ivory Coast ndi mapenate 8 kwa 7 ndi kutenga cikho kwa nthawi yoyamba. Kunali kuvina usiku wonse kuyambira ku Lusaka mpaka kuno kum'mawa, pakuti kufupi ndi mzinda womwewo ndi kumene ndege inagwera m'nyanja pa 27 April 1993 ndi kupha anthu 30, pamodzi ndi aphunzitsi a timu a Godfrey Chitalu ndi a Alex Chola. Koma cikondwerero ca mpira sicikhalitsa. Caka cotsatira ku South Africa, timu yomweyo inalepherana ndi Ethiopia, Nigeria ndi Burkina Faso, ndipo inabwerako m'cigawo coyamba. Ambiri amene anaimba nyimbo zotamanda a Renard anayamba kudandaula. Mu October 2013 iwo anacoka kupita ku timu ya Sochaux kwao ku France, ndipo mu 2015 anatenganso cikho comweco ali ndi Ivory Coast. Nzeru zao sizinali zitatha ai.

Nkhani ya Bambo Ben Bamfuchile, mwana wa dziko lino, ndi yomvetsa cisoni koposa. Iwo anatsogolera Zambia ku mpikisano wa cikho ca Africa wa caka ca 2000, koma timu itabwerako m'cigawo coyamba nchito inawathera. Pambuyo pace anapita ku Namibia, ndipo anathandiza dzikolo kupeza malo m'mpikisano wa caka ca 2008. Anamwalira mu December 2007, kutatsala milungu yowerengeka kuti akaone zipatso za thukuta lao.

Kuyambira caka ca 2014 kufika caka ca 2022, mpando wa mphunzitsi wa Chipolopolo unakhalidwa ndi a Honour Janza, a George Lwandamina, a Wedson Nyirenda, a Sven Vandenbroeck, a Milutin Sredojevic, a Aljosa Asanovic ndi a Avram Grant. M'zaka zomwezo Zambia analephera kupita ku mipikisano itatu yotsatizana ya cikho ca Africa, ya 2017, 2019 ndi 2021. Kusintha-sintha aphunzitsi sikunacize nthendayo. Wina ayenera kukumbukira kuti Bambo Ante Buselic a ku Yugoslavia, amene anafikitsa timu ya KK Eleven pa masewera otsiriza olimbana ndi Zaire ku Cairo mu 1974, anali atakhala ndi anyamata ao kuyambira mu 1971. Anapatsidwa nthawi yowadziwa mmodzi-mmodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhawa ya nchito imeneyi imafika ndi m'thupi momwe. Madokotala amanena kuti munthu wokhala ndi nkhawa masiku onse sagona bwino, magazi amathamanga kwambiri, ndipo mtima umalefuka. Pa 10 September 1985 mu mzinda wa Cardiff, Bambo Jock Stein, mphunzitsi wa timu ya Scotland, anakomoka pambali pa bwalo masewera olimbana ndi Wales ali pafupi kutha, ndipo anamwalira usiku womwewo ali ndi zaka 62. Masewerawo anatha 1-1, zotsatira zimene timu yao inali kuzifuna.

Aphunzitsi onsewa anali pa nchito ya malipiro. Mnzao wa ku Chadiza salandira ngakhale ngwee imodzi. Kawiri-kawiri amakhala mphunzitsi wa pa sukulu kapena mlimi amene anasewerako mpira pa unyamata wace. Mpira ukaphulika, amafunsidwa ndi iye. Malaya a timu akang'ambika, amasoka ndi a kunyumba kwace. Tsiku lopita kukasewera kutali, ndi iye amayenda khomo ndi khomo kupempha ndalama za galimoto, ndipo zikapanda kukwana anyamata amapalasa njinga ndi kufika pa bwalo atatopa kale. Mnyamata akathyoka mwendo, makolo amabwera kwa iye ndi mau aukali, ndipo iye yemweyo ndiye amamuperekeza ku cipatala pa boma. Nyengo ya dzinja ikafika timu imamwazika, pakuti khasu silidikira mpira, ndipo wosewera wodalirika akapeza nchito ku Chipata kapena ku Lusaka, mphunzitsi amayambanso kuumba timu kucokera pansi.

Palinso cina cimene a Renard ndi anzao sanakumane naco. Mphunzitsi wa m'tauni akagonja amakwera galimoto ndi kukabisala kunyumba kwace. Wa kumudzi alibe kobisala. Anthu amene amutukwana pa bwalo ndi omwewo amene akumana nao m'mawa mwace ku citsime, ku cigayo, ku chalichi ndi pa maliro. Akasiya panja mwana wa mlongo wace cifukwa ca ulesi, nkhani imafika pa cibale. Akamulowetsa, ena amati ali ndi tsankho. Timu ikagonja kawiri kapena katatu, pamabuka mphekesera yakuti analandira ndalama kwa adani, kapena kuti anakana kufuna mankhwala oteteza golo. Amuna ambiri abwino ataya nchito imeneyi cifukwa ca mau otere, ndipo timu ikasowa woiyang'anira, anyamata amene anali kuthamanga pa bwalo madzulo amayamba kupezeka pa mowa.

Ici ndico cifukwa cace nkhaniyi ikhudza nyumba iliyonse, ngakhale imene ilibe wosewera mpira. Mudzi umene uli ndi timu uyenera kusankha kabungwe ka anthu okhulupirika kosunga ndalama, kugula mpira ndi kukonza za ulendo, kuti mphunzitsi atsale ndi nchito imodzi yokha yophunzitsa. Mutu umodzi susenza denga. Madandaulo onena za kasankhidwe ka osewera apite ku kabungweko pakati pa mlungu, mitima itazizira, osati kufuulidwa pa bwalo ana akumva. Anyakwawa ndi akulu a mipingo angathandize poletsa kutukwana ndi ndeu pa masewera, monga momwe amaletsera pa misonkhano ina ya m'mudzi. Nao aphunzitsi a mpira asasenze nkhawa okha-okha. Akhale ndi wowathandiza, apumule, ndipo akamamva mutu kawiri-kawiri kapena mtima ukamagunda kwambiri, apite ku cipatala kukapimitsa magazi.

Pa masewera a mpira matimu onse awiri sangapambane tsiku limodzi. Tsono Sabata likudzali, timu ya m'mudzi ikagonja, makolo ndi oonerera akumbukire amene wakhala ndi ana ao madzulo onse a mlungu popanda malipiro, ndipo asanapite kwao apite akamugwire canza.