Gudumu la caka ca Mpingo pa pepala

Kwa zaka zambiri, Adiventi ikamayandikira, ndakhala ndikujambula gudumu la caka ca Mpingo pa bolodi. Ndimamanga coko ku kacingwe, cala cimodzi kutsindika pakati, nkuzunguza. Ana okonzekera Ukaristia woyamba amamva msanga akaona ndi maso kuti caka cathu ciyamba Lamulungu loyamba la Adiventi, osati pa 1 Januwale, ndipo citha ndi sabata la Khristu Mfumu. Bvuto ndi lakuti bolodi ndi wa onse. Pofika Lolemba gudumu lafufutidwa, ndipo anzanga ophunzitsa ku masiteshoni akutali sanalionepo nkomwe. Motero ndinaganiza zolijambula pa kompyuta ya ku ofesi ya parishi, kuti aliyense alandire pepala lake.

Ola lathunthu linatha ndikungofunafuna zida zojambulira. Ine ndinaphunzirira pa Word 2003, momwe zidazi zinali kundandalikidwa pa kamzere ka munsi. Kuyambira mu 2007 a Microsoft anasintha makonzedwe onse. Khasu silinataike, anangolisunthira pakona pena. Tsopano mudina mau akuti Insert pamwamba, kenaka Shapes, ndipo mutsikira mndandanda wa mizere, mibvi, zozungulira ndi mabokosi. Amene mugwiritsa nchito LibreOffice Writer, yosagula ija, dinani View, Toolbars, kenaka Drawing. Mu Word watsopano muliponso mau akuti Draw, koma amenewo ndi olembera ndi dzanja pa galasi la kompyuta. Ndinayesa ndi mausi, ndipo cinatuluka cinali ngati papalasa nkhuku.

Musanajambule kanthu, tsikani kumapeto kwa mndandanda wa Shapes ndi kudina New Drawing Canvas. Papepala paoneka bokosi lopanda kanthu. Bokosi limeneli lili ngati licero: zonse zimene muikamo zinyamulidwa pamodzi. Ine poyamba ndinalinyoza. Nditamaliza gudumu ndinaonjeza ndime ya malonje pamwamba, ndipo zinthu zinabalalika, mau akuti Lenti nkukakhala pa cigawo ca Khrisimasi. Ngati mwajambula kale popanda licero, gwirani batani la Shift, dinani cinthu ciliconse cimodzicimodzi, ndipo musankhe Group kuti zimangike mtolo umodzi. Mukalakwa, Ctrl ndi Z zibweza cimene mwangocita.

Batani lomwelo la Shift ndilo kacingwe kanu. Sankhani cozungulira cochedwa Oval, ndipo pokoka mausi mugwire Shift. Mukapanda kutero mupeza dzira m'malo mwa gudumu. Kenaka tengani mzere woongoka ndi kukoka kucokera pakati kufika kumphepete, monga masipoko a njinga.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo si kompyuta imene ingakuthandizeni. Ndaonapo magudumu ogawidwa mofanana zigawo zisanu ndi cimodzi cifukwa cakuti kutero kumaoneka bwino. Kumeneko nkuphunzitsa ana bodza. Nyengo ya pacaka ili ndi masabata 33 kapena 34 mwa masabata 52, m'zigawo ziwiri: caching'ono pakati pa Ubatizo wa Ambuye ndi Lacitatu la Phulusa, ndi cacikulu citapita Pentekoste. Adiventi ili ndi masiku a Lamulungu anai okha. Lenti ndi masiku 40, koma nyengo ya Pasaka ndi masiku 50. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti kusala ndi kulapa ndizo zazitali, ndipo Aleluya ndi wa sabata limodzi. Mwana akaona yekha kuti cigawo ca cimwemwe ca kuuka kwa Ambuye ndi cotakata kuposa ca Lenti, waphunzira cimene ine ndingacifotokoze mwezi wonse osamveka.

Kuti muyese bwino, ganizirani gudumu ngati wochi ya pakhoma. Yambani pa 12. Adiventi itenge pafupi mphindi 4, Khrisimasi 3, Lenti 7, Pasaka 8, ndipo zotsala ndi za nyengo ya pacaka. Musadzibvute ndi kulondola kwambiri, pakuti tsiku la Pasaka limayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo cigawo ca patsogolo pa Lenti cimakula kapena kucepa caka ndi caka.

Maina a nyengo mulembe ndi Text Box, imene ilinso pa Insert. Kuti timabokosi ta mau tisaonetse malire ake, sankhani Shape Outline kenaka No Outline.

Kunena za mitundu, kompyuta ili nayo yambiri pa Shape Fill, koma ine ndikuti isiyeni. Makina okopera mapepala amene ambiri tifikako amatulutsa zakuda ndi zoyera zokha, ndipo wobiriwira ndi wofiirira zonse zisanduka phulusa. Lembani dzina la mtundu m'cigawo ciliconse, ana apake okha ndi makirayoni: wofiirira pa Adiventi ndi Lenti, wobiriwira pa nyengo ya pacaka, kadontho kofiira pa Lamulungu la Kanjedza, pa Lacisanu Loyera ndi pa Pentekoste. Khrisimasi ndi Pasaka azisiye zoyera. Lamulungu lotsatira mudzawaona akusuzumira covala ca abambo, nkumayang'ana pa mapepala ao.

Musanapite kosindikiza, sungani nchito yanu kawiri: kamodzi monga mwa masiku onse, kuti mudzathe kukonza caka camawa, ndi kaciwiri monga PDF, posankha pa Save As. PDF ndiyo mupite nayo, cifukwa pa kompyuta ya eni ake zilembo zimasintha ndipo mizere imatha kusuntha. Langa ndinasindikiza mapepala okwanira masiteshoni onse, ndipo anapita ndi abambo m'cikwama ca ziwiya za Misa.