SUKULU ZA MKOMBAPHALA KU NTAJA ZIYEZEDWE NDI MUYESO WOYENERA

Nthawi yakwana yakuti tifunse poyera chimene akuphunzira ana a zaka zitatu kufikira zisanu amene amasonkhana m'mawa m'sukulu za mkombaphala za ku Ntaja ndi m'midzi yozungulira. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba mu 2003, ndipo sukuluzi zawanda. Koma pakafika alendo oyendera, chimene chimachitika nchodziwika kwa tonse: ana amaimikidwa pamzere, nalakatula masiku a pa sabata ndi miyezi ya pa chaka m'Chingerezi, alendo naomba m'manja, nalemba m'buku kuti zonse zili bwino.

Ife tikunenetsa kuti umenewu si muyeso. Mwana wa kwa Kawinga, amene kwawo amayankhula Chiyao, angathe kutchula miyezi yonse khumi ndi iwiri mosaphonya, koma osadziwa kuti mvula imagwa mwezi uti. Ngakhale chinkhwe chimatha kutero.

Pa nkhaniyi umboni ulipo, ndipo sunachokere kutali. Kuyambira mu 2011, Boma mothandizana ndi World Bank linachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Sukulu zonse zinalandira zidole ndi zipangizo zophunzirira. M'sukulu zina alezi anaphunzitsidwa ntchito yawo. Mwina anaphunzitsidwa nalandiranso kandalama pamwezi. Ndipo mwina, kuwonjezera pa kuphunzitsa alezi, makolo nawo ankasonkhanitsidwa m'magulu nkulangizidwa za kucheza ndi kusewera ndi ana awo kunyumba. Patapita miyezi 18, ana amene anaoneka kuti apita patsogolo pa kayankhulidwe ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali okhawo a m'sukulu zimene makolo anaphunzitsidwa. Kuphunzitsa alezi pakokha kunakonza kaphunzitsidwe, koma mwa ana kusintha sikunaoneke. Chomvetsa chisoni nchakuti patapita miyezi 36, ambiri mwa anawo atalowa kale ku pulaimale, ngakhale phindu lija linali litazimirira.

Ogwira ntchito m'Boma asaiwale zimenezi. Woyendera amene waona khoma lopakidwa zilembo ndi bokosi la zidole, nakwera njinga yake kubwerera ku Liwonde, sanayeze maphunziro ayi. Akhale pamphasa kufikira ana ataweruka. Aone ngati amayankhula ndi mlezi yekha kapena ana nawonso amapatsidwa mpata wofunsa. Apemphe mwana kuti asimbe nthano m'chiyankhulo chake, agawe timiyala khumi kwa anzake awiri, aumbe ng'ombe ya dothi nkufotokoza chimene waumba. Zitsononkho, nthanga za maungu ndi zitsekerero za mabotolo za pamsika wa Ntaja zikwanira pa mayeso otere. Akatero afunse kuti makolo anasonkhana liti komaliza, ndipo anakambirana chiyani kupatula zopereka chimanga.

Tisanamizanenso pa za phala. Aliyense wa m'dera lino akudziwa kuti nkhokwe zikatha, moto wa pasukulu umazima, ndipo ana amaleka kubwera. Maphunziro olembedwa bwino m'buku, koma ophunzitsidwa miyezi ya masika yokha, ndi theka la maphunziro.

Sitikudzudzula alezi. Ambiri mwa iwo ndi amayi amene amasiya khasu m'mawa nkugwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo amaphunzitsa zoloweza chifukwa ndi zimene makolo ndi alendo amaziombera m'manja. Tikasintha chimene timafunsa, iwonso adzasintha chimene amaphunzitsa.

Choncho tikupempha a ofesi ya zosamalira anthu ya boma la Machinga kuti akhale pansi ndi alangizi a sukulu za pulaimale za ku Ntaja, ndi kulondola ana ochokera ku mkombaphala kufikira atamaliza Sitandade 1, kuti zidziwike pamene phindu likutayikira. Mafumu, makomiti a sukulu ndi atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera aitanitse misonkhano ya makolo, abambo akhalepo osati amayi okha. Ndipo ulendo woyamba woyendera uchitike mwezi wa February, pamene njala ili pachimake, kaundula wa ana ali m'manja.