Pansi pa nyumba yanu pali nkhalango ya ndani?

Ife achinyamata amene tayamba kumanga tagwidwa ndi fasho. Munthu akangopeza puloti ku Chalala, ku Chipata kapena pa boma la Petauke, foni imadzaza ndi zithunzi za nyumba za ku Johannesburg zokhala ndi pansi pa matabwa ofiira, onyezimira. Simenti ya polishi wofiira imene tinakulirapo akuti ndi ya agogo. Matailosi akuti aliyense ali nawo. Manje aliyense afuna mukwa, mupapa kapena mukula, ndipo sipasowa mnzathu amene "adziwa munthu kumudzi" wobweretsa mapulanga motchipa, usiku, opanda pepala. Mapulanga otero tisagule. Kutchipa kwake kuli ndi wolipira, ndipo wolipirayo ndi anthu a kwa Sandwe, kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe, kumene mitengoyo ikudulidwa.

Mukwa, umene ena amautcha mlombwa, sufulumira. Kambewu kake kamatha zaka zingapo kakuphuka nthawi ya mvula n'kuuma chilimwe, mizu yokha ndiyo ikukula pansi. Kuti ufike pokhala thunthu locheka mapulanga pamapita zaka makumi ambiri. Wodula ndi makina amaugwetsa asanamalize botolo la madzi. Pochekapo, theka la chipika kapena kuposa limathera mu utuchi ndi zidutswa zotaya. Ndiye werengani: sitingi rumu ya mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi ndi masikweya mita 20. Onjezani zipinda zogona ndi khonde. Nyumba imodzi yadya mitengo imene inamera makolo athu asanabadwe, kuti tiziyipondaponda ndi nsapato.

Nkhaniyi dziko lathu linaiona kale. Kumadzulo, kampani ya Zambezi Sawmills inamanga njanji yochoka ku Livingstone kupita ku Mulobezi m'zaka za m'ma 1920 kuti izitulutsa mukusi. Mtengowo unakhala mapilo a njanji ndi timatabwa ta pansi timene mpaka lero timapezeka m'nyumba zakale za ku Rhodes Park ndi Kabulonga. Nyumbazo zikadali zokongola. Pitani mukaone ngati Mulobezi inalemera. Kenako kunabwera mukula. Ogula a ku China anaufuna kuti apangire mipando yodula, ndipo kuyambira 2014 boma linkaletsa, kulola, kuletsanso, zipika zogwidwa zikuunjikana pa mapolisi. Mu 2019 ku Geneva mukula unalowa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sungatuluke m'dziko popanda chilolezo. Mu 2022 ku Panama anawonjezerapo mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mukwa, mupapa ndi mbawa. Maiko a kutali anaona kuti mitengoyi ikutha. Ife eni ake ndiye tikufuna kuyiyala pansi.

Tikakamba izi pa wailesi, mafoni amabwera ndi mayankho atatu.

Loyamba: mtengo wadulidwa kale, ndikapanda kugula ine wina agula. Koma wodula sabwerera m'thengo chifukwa cha mtengo wa dzulo. Amabwerera chifukwa mapulanga a dzulo anagulidwa msanga. Ndalama yanu ndiyo mafuta a makina a mawa.

Lachiwiri: anthu kumudzi afuna ndalama, makamaka chilala cha 2024 chitapsereza chimanga. Zoona, ndipo sitikudzudzula mnyamata wa ku Lusangazi amene wanyamula chipika paphewa kuti alipirire mlongo wake sukulu. Funsani kuti pa mtengo wa pulanga limene mwagula ku Lusaka, iye walandirapo zingati. Ndalama yaikulu imatsala kwa mwini makina, mwini thiraki ndi wogulitsa m'tauni. Mnyamatayo amatsala ndi msana wopweteka, ndipo akagwidwa ndiye amene amagona m'selo. Mudzi umatsala ndi zitsa, mitsinje ya Lusangazi ndi Msanzala ikudzaza mchenga, njuchi zikusowa maluwa, amayi akuyenda mtunda wautali kufuna nkhuni ndi bowa.

Lachitatu ndilo lamphamvu: akuluakulu amatulutsa makontena, malasha akutsika mumsewu wa Great East tsiku lililonse, minda ikudya nkhalango, ndiye kanyumba kanga kamodzi kalakwa chiyani? Sitikukana kuti malasha ndi kutsegula minda zikuwononga malo aakulu kuposa pansi pa nyumba. Koma wocheka mapulanga amasankha mitengo ikuluikulu, yowongoka, imene imabala mbewu, ndipo njira imene thiraki lake latsegula ndiyo imene wootcha malasha amalowera. Komanso tingawatsutse bwanji a makontena mawa, ife titakhala pa mukula wopanda pepala? Wakuba mbuzi ndi wogula nyama yake usiku amadziwana.

Lamulo lilipo. Forests Act ya 2015 imafuna chilolezo podula ndi ponyamula matabwa, ndipo imalola midzi kupanga magulu oyang'anira nkhalango zawo, kukhala ndi ufulu pa zimene zili m'menemo. Dera la Sandwe lili m'malire ndi South Luangwa National Park, ndipo lili m'gulu la maufumu amene amalandira ndalama posunga nkhalango kudzera mu Luangwa Community Forests Project. Mungakangane za kagawidwe ka ndalamazo, ndipo kukanganako n'koyenera. Koma mtengo uli chiimire umalipira chaka ndi chaka. Pulanga lakuba limalipira kamodzi, ndipo limabera mudzi wonse.

Ngakhale kwa inu womanga, mapulanga a usiku ndi msampha. Amabwera aawisi. Mukawakhomera pa simenti imene sinaume bwino, mvula ikayamba amafufuma n'kutukuka, pofika Okutobala achita mipata yolowa chala. Mbali yoyera ya kunja kwa thunthu chiswe chimaikonda, ndipo wogulitsa wachangu sayichotsa. Mukabwerera kukadandaula, nambala yake siyipezekanso.

Nanga tiyale chiyani? Simenti yosalazidwa bwino ndi polishi imazizira pa kutentha kwa ku Nyimba, ndipo imakhala zaka popanda kukonza. Matailosi alipo a mitengo yosiyanasiyana. Amene mtima wake uli pa matabwa angagule paini kapena bulugamu wobzalidwa, monga wa m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, woumitsidwa ndi wothiridwa mankhwala a chiswe. Angafunenso timatabwa ta mukusi tochotsedwa m'nyumba zakale zimene akugumula: tikapalidwa timaoneka ngati tatsopano, ndipo palibe mtengo wagwa. Amene akakamirabe mukwa afunse mafunso atatu asanatulutse ngwee: wadulidwa kuti, chilolezo cha a Forestry chili kuti, mudzi walandira chiyani? Wogulitsa woona mtima amatulutsa mapepala. Amene akuseka n'kunena kuti "bwana, musavutike nazo" wakuyankhani kale.

Ambiri a ife tili m'tauni, koma mchombo unatsala kumudzi. Timapita ku maliro, timatumiza ya feteleza, timanyadira kuti ndife Ansenga. Tsiku lina achimwene kapena amalume adzabwera kudzationa, adzavula nsapato pakhomo, adzayang'ana pansi. Mtengo umenewo iwo amaudziwa ndi maso okha. Akadzafunsa kuti unachokera m'thengo la ndani, tikhale ndi yankho limene tingalinene osazolika.