Avereji yokha imabisa ana athu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwathu, teremu ikamatha timakonda kufunsana kuti, "Avereji ya kalasi yafika pati?" Ine ndikuti funso limeneli palokha ndi loperewera, makamaka kwa ife amene timasunga malikisi mu database.

SQL, imene Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anayambitsa ku IBM m'zaka za m'ma 1970, ili ndi ma function osonkhanitsa mizere yambiri kukhala nambala imodzi. COUNT imawerenga, SUM imaonkhetsa, AVG imapereka avereji, MIN ndi MAX zimaonetsa malikisi otsikitsitsa ndi okwereratu. Ngakhale mu Microsoft Access zilimo, pa batani la Totals.

Koma dziwani kuti AVG imalumpha malo opanda kanthu, aja timati NULL. Tiyerekeze kuti Fomu 3 ili ndi ana 40, ndipo 10 sanalembe masamu. Olembawo apeza malikisi 1,800 onse pamodzi. AVG igawa ndi 30, itiuza 60, ahedi nkuwomba m'manja. Tikawaikira 0 osalembawo, avereji itsika kufika 45, ndipo apanso tanama, chifukwa anawa sanalakwe mayeso, sanabwere. Bola mwana aliyense akhale ndi mzere wake, COUNT(*) ipereka 40 pamene COUNT(malikisi) ipereka 30. Ana 10 amenewo ndi ofunika kuwalondola: kodi ndi fizi, matenda, kapena ganyu?

Chachiwiri ndi GROUP BY:

SELECT kalasi, phunziro, COUNT(*), COUNT(malikisi), AVG(malikisi) FROM mayeso GROUP BY kalasi, phunziro;

Apa phunziro lililonse m'kalasi iliyonse liima palokha. Mukaonjezera HAVING AVG(malikisi) < 40, atsala magulu ovutika okhaokha. Kumbukirani kuti WHERE imasefa mizere isanalowe m'magulu, HAVING imasefa magulu atapangidwa kale. Yesaninso kugawa anyamata paokha, atsikana paokha.

Ena amati kutero ndi kuchititsa manyazi mphunzitsi wa phunziro limene latsika. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, ndipo ahedi asasandutse tebuloli kukhala chikwapu. Koma tikabisa vuto mu Fomu 3, MANEB idzaliulula pa MSCE, nthawi yothandiza mwana itatha.

Choncho pa msonkhano wa aphunzitsi ukubwerawu, avereji iliyonse ibwere ndi chiwerengero cha amene alemba ndi amene sanalembe.