Kupatsa Nkuika

Munthu ali yense afuna kuti dzina lace lisaiwalike iye atafa. Abisalomu, mwana wa Mfumu Davide, anadziimikira mwala wautali m'cigwa, naucha dzina lace. Koma lero akumbukika monga mwana woukira atate wace.

Ku Yopa kunali mai dzina lace Dorika. Iye sanaimike mwala. Anangothandiza aumphawi, nasoka malaya. Atamwalira, akazi amasiye analira, naonetsa Petro zobvala zimene iye anasoka. Kufikira lero amai othandiza osowa mu mpingo wa Adventist m'Zambia achedwa a Dorika.

Akulu anati, kupatsa nkuika. Mwala usunga dzina lokha. Koma mwana wogawira mnzace wanjala cimanga cace, aika dzina lace m'mtima wa munthu, momwe ciswe sicifika.