ZA UMOYO WATHU: Matsagwidi Nawo Ali ndi Mafuko

Mwana akatupa masaya m'munsi mwa makutu, nayamba kukana nsima chifukwa kutafuna kukumuwawa, aliyense pamudzi amadziwa kuti amenewo ndi matsagwidi. Ambiri amangoti achira yekha, ndipo kawirikawiri amachiradi. Koma pali zina zimene makolo ayenera kudziwa.

Nthendayi imadza ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamayenda m'malovu ndi m'chifuwa. Munthu akakatenga pamapita masiku 16 mpaka 18 asanatupe, ndipo amayamba kupatsira anzake kutatsala masiku awiri kuti masaya atupe. Mwana wooneka wabwinobwino angathe kukatenga pa msika wa Lizulu kapena pa chipata cha Calomue, nakadwalitsa anzake ku sukulu ku Ulongue. Kachilombo sikadziwa malire.

Monga anthu ali ndi ziwongo, ena a Phiri ena a Banda, kachilomboka nakonso kali ndi mafuko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalemba mu 2012 mafuko 12, ndipo lililonse lili ndi chilembo chake kuyambira A mpaka N, kupatula E ndi M. Akatswiri amapukuta ndi kathonje m'kati mwa tsaya la wodwala, nawerenga kachigawo kakang'ono ka kachilomboko kotchedwa SH. Pamenepo amadziwa fuko lake, ndiponso ngati odwala a midzi iwiri anatengera kumodzi. Ndi mmene anadziwira kuti mliri umene unagwira anthu oposa 6,000 ku America mu 2006 unali wa fuko la G.

Chosangalatsa n'chakuti mafukowa amasiyana pang'ono chabe. Amene anadwalapo kamodzi sadwalanso kawirikawiri, ngakhale litabwera fuko lina. Katemera wake anachokera kwa Maurice Hilleman wa ku America, amene mu 1963 anatenga kachilombo pakhosi pa mwana wake wamkazi, Jeryl Lynn, nakafooketsa. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1967. Ndi wa fuko la A, koma amatetezanso ku mafuko ena.

Makolo asasokoneze apa. Katemera wa chikuku ndi rubella amene anayamba kuperekedwa muno m'Mozambique mu 2018 sateteza ku matsagwidi. Choncho mwana amene anabayitsa angathe kudwalabe, ndipo sikuti katemerayo anali wachabe.

Wodwala akhale pakhomo masiku asanu chitupireni, asamwere kapu imodzi ndi anzake. Apatsidwe phala, madzi ambiri ndi panado, osati zowawasa monga mandimu kapena bwemba. Makapisozi ogula pamsika sapha kachilomboka.

Mnyamata wotha msinkhu kapena bambo akatupa kumaliseche asachite manyazi, athamangire ku chipatala. Chimodzimodzinso mwana amene khosi lauma, mutu ukumupweteka kwambiri, akusanza, kapena wasiya kumva khutu limodzi.

Ana angapo akatupa sabata imodzi, amfumu kapena aphunzitsi akadziwitse anamwino msanga, chifukwa kachilomboka kamapezeka bwino m'masiku atatu oyamba. Matenda obisidwa m'nyumba salembedwa m'buku la chipatala, ndipo a zaumoyo sangatsate njira imene adzera. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.